Tahira ndi rauta ya ku Joni

Sitolo ya a Yakubu ili kumunsi kwa msika wa Kasakula, pamene msewu umagwada ngati ukufuna kumwa madzi usanayambenso kukwera. Pa malonda malowo ndi abwino, pakuti aliyense wotsika ndi katundu amapumira pomwepo. Koma netiweki ya foni imangodutsa m'mwamba ngati kabawi wokhuta, osatera. Wofuna kuimba foni amakwera chulu chachikulu cha kuseri kwa chigayo, kumene anthu amaima m'mawa ndi madzulo, aliyense dzanja lili m'mwamba ngati akulumbira.

Pa shelefu ya m'sitolomo, pakati pa sopo ndi mapaketi a tiyi, panali rauta yoyera ya tinyanga tiwiri. Anaitumiza ndi Kamal, mwana woyamba wa a Yakubu, amene amagwira ntchito ku Joni. Kuchokera pa rautayo waya ankatulukira pa windo n'kukwera nsungwi yaitali, ndipo pamwamba pa nsungwiyo, m'kachigubu kotchinga mvula, munali kamodemu kolowetsamo simu khadi. Kamodemuko kankawedza netiweki m'mwambamo, rauta n'kuigawa m'sitolo ndi m'nyumba ya kuseri popanda waya. Vuto linali limodzi. Rautayo inali galu wa mbuye mmodzi: inkamvera kamodemu ka kampani imodzi yokha, imene netiweki yake m'mapiri amenewa inali yowonda ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Mameseji ankalowa, mawu ankamveka modukaduka, koma vidiyo ayi. Nkhope ya Kamal ikati ioneke, inkauma kukamwa kuli yasa, kenako n'kuzimiririka.

Wogulitsa m'sitolomo anali Tahira, chitsiriza wa m'banjamo, amene anali atangomaliza fomu folo. Mtsikanayu mtima wake unkayenda patsogolo, thupi n'kumatsatira. Tiyi ankamwa asanazizire n'kumadandaula lilime, buku ankaliyambira tsamba lomaliza. Ndipo mtima wothamangawo unali utatera pa Mohamed, mnyamata wa ku Dzoole wa kabaza wa njinga yamoto, amene ankabweretsa makatoni a katundu kuchokera ku Mponela ndipo ankaiwala dala chipewa chake pa kauntala kuti apeze chobwererera. Awiriwa anagwirizana za banja. Chinatsala ndi mawu a akuluakulu.

Apa ndi pamene panali mfundo. Amalume a Tahira atamwalira, umwini mbumba unagwera Kamal, ndipo popanda mawu ake mlongo wakeyo sakanapita kwa mwamuna aliyense. A Yakubu ankanena moseka kuti iwo ndi tambala wobwereka: amalira ndithu, koma mudzi si wawo. Kamal sakanatha kubwera chifukwa cha ntchito ndi mapepala. Tahira anamupempha kuti iye ndi Mohamed angokwera chulu chija, amuimbire pa vidiyo, nkhani ithe.

"Nkhani ya banja sikambidwa pa chulu, iwe," anayankha Kamal. "Ndikufuna amayi akhale pa mkeka pawo, ankhoswe ali apo, mnyamatayo ali apo, ndimuyang'ane m'maso ndekha."

Amayi awo, a Asiyatu, mawondo anawakana kalekale, moti za chulu sizikanatheka n'komwe. Tsiku linaikidwa: Lamulungu lomaliza mwezi wa Ramadani usanayambe. Likanaphonyeka tsikulo, nkhani ikanadikira Idi, ndipo Idi ikangopita amalume a Mohamed ankanyamuka kupita ku ntchito ya fodya ku Mozambiki, kumene sabwerako mpaka atakolola. Kwa anthu ena chaka ndi chaka basi. Kwa Tahira chinali ngati kumuuza kuti adikire mpaka imvi.

Choncho mtsikanayu anayamba kukwera chulu osati kukacheza ayi, koma kukafufuza. Anapeza kuti kunja kuno kuli anthu, m'maiko osiyanasiyana, amene analemba pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa imene rauta imabadwa nayo. Ukaiika, rauta imasiya kusankha mbuye, imalandira kamodemu ka kampani iliyonse. Ndipo kampani inayo netiweki yake pamwamba pa nsungwi inkafika yonenepa. Tahira anatapa fayilo yoyenera rauta yawo, Mohamed anamubweretsera kamodemu katsopano, ndipo mnzake wa kusukulu, Mirriam, amene amagulitsa mbewu ndi feteleza kumtunda kwa msika, anamubwereka laputopu ndi waya wolumikizira. Kunena zoona, si atsikana ambiri, ngakhale anyamata amene, akanafika pamenepa okha ndi foni yosweka galasi. Koma pa malangizo onse panali mzere wolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, wakuti magetsi asazime pulogalamu ikulowa. Tahira anauwerenga monga momwe anthu amawerengera chikwangwani cha "osataya zinyalala pano".

Tsono a Yakubu anali ndi mwambo wawo. Chiyambire pamene sitolo ya telala woyandikana nawo inapsa ndi ayironi yoiwalika, Lachisanu lililonse akamapita ku Swala ya masana ankatsitsa swichi yaikulu ya pakhonde, magetsi onse n'kuzima mpaka atabwerako ku mzikiti. Pa Kasakula panalibe wosadziwa zimenezi. Ngakhale ana ogula mafirizi ankadziwa kuti Lachisanu masana amagula ofewa.

Laputopu inafika Lachisanu dzuwa litakwera. A Asiyatu ataona mwana wawo akutsitsa rauta pa shelefu, anamuuza kuti adikire abambo ake apite ndi kubwerako, pakuti tsiku linali likadali lalitali.

"Ndi kanthu kakang'ono, amayi," anatero Tahira. "Ababa asanamalize kusamba m'mapazi ndikhala nditatha."

Abambo akewo sanawauze, podziwa kuti anena kuti ayambe wafunsa Kamal, Kamal n'kunena kuti aganize kaye, masiku n'kumapita. Analumikiza waya, anasankha fayilo, anadina. Pa laputopu panaoneka kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono ngati bongololo. Kuitana kwa ku mzikiti kunamveka kamzereko kali pakati. Tahira anamva masilipasi a abambo ake pakhonde, anadzuka kuti akuwe, koma dzanja la munthu wozolowera silidikira mutu. Kunamveka thapu. Filiji inasiya kung'ung'udza, ndipo timagetsi tonse ta pa rauta tinazima.

Magetsi atayakanso, rauta inangoyatsa kanyali kamodzi kofiira, kosaphethira, ngati diso la munthu wokwiya. Mafoni a m'nyumbamo sankaionanso. Pulogalamu yakale inali itafufutika, yatsopano inali isanakhazikike, ndipo chinthucho chinatsala pakati ngati munthu wogwetsa nyumba yakale yatsopano isanafoleredwe. Anthu a pa intaneti aja rauta yotere amaitcha njerwa, ndipo dzinalo n'loyenera, pakuti ntchito imene imatsala nayo ndi yotsekereza chitseko.

Tahira akanatha kunena kuti rauta yangofa yokha, pakuti zinthu za magetsi zimafa tsiku lililonse ndipo palibe akanamutsutsa. Koma abambo ake atangovula masilipasi anawagwadira n'kuwauza zonse, kuyambira pa chulu mpaka pa swichi. A Yakubu sanakalipe. Anayang'ana kanyali kofiirako nthawi yaitali, n'kufunsa ngati tsopano ngakhale mawu odukaduka aja a Kamal sadzamvekanso. Atamva kuti inde, anangoti ndiye kuti Lamulungu alendo adzabwera kudzadya mpunga basi, n'kulowa m'nyumba. Mawu ofatsawo anamupweteka Tahira kuposa mbama. Ndipo madzulo ake ataona amayi ake atagwira foni yawo, akuyembekeza meseji ya mwana wawo monga mwa masiku onse, anazindikira kuti sanaswe tsiku lake lokha. Anali atadula kachingwe kokhako kamene kankalumikiza mayi ndi mwana wake wa kutali.

Anabwerera pa chulu. Ulendo uno anakhala pansi, nawerenga kuyambira pamwamba zonse zimene poyamba ankangodumpha. Anapeza kuti rauta ya mtundu wawo ili ndi kakhomo ka kuseri. Ukakanikiza kabatani kobisika ndi phini uku ukuiyatsa, imadzuka pang'ono n'kupempha fayilo kudzera pa waya, ndipo laputopu ikakhala yokonzeka imaipatsa. Tahira anatsika chulucho akuthamanga.

Loweruka lonse linathera pa kauntala. Mirriam anabwera kudzathandiza, akuseka kuti chikondi cha masiku ano chimafuna sukulu ya zamagetsi. Anayesa ndi phini wa mpango wa Tahira. Kanyali kofiira kaja kanayamba kuphethira, atsikanawo anagwirana manja, koma kankangophethirabe, laputopu osanena kanthu. Tahira ankapirira pang'ono, kenako ankati zakanika, n'kuzula waya kuti ayambirenso. Anachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka phini anapindika. Masana magetsi anazima okha dera lonse. Madzulo Mohamed anabwera kuchokera ku Mponela, kumene anazungulira masitolo kufuna rauta ina, ali wotuwa ndi fumbi komanso chimanjamanja. Zimene anapeza zinali za mbuye mmodzi yemwe uja.

Dzuwa lisanalowe Tahira anakweranso chulu. Pansi penipeni pa malangizo, pamene maso ake anali asanafikepo, wina analemba kuti kanyali kakamaphethira ndiye kuti rauta ikulemba pulogalamu m'kati mwake, ndipo pa rauta zakale zimatenga nthawi yaitali kwambiri: usaikhudze, usaizule, ingoisiya. Mtsikanayu anaika foni pa miyendo n'kuyang'ana mapiri a ku Dowa akuchita buluu patali. Tsiku lonse rauta ija inkayesa kudzuka, ndipo tsiku lonse amene ankaigwetsanso anali iye mwini.

Lamulungu kunacha magetsi kulibe. Kuseri a Asiyatu anali atayamba kale zophika. Mohamed anaima pa sitolo atavala mkanjo woyera wosita bwino, pa ulendo wokatenga amalume ake ndi mnzawo, amene anali atatsika galimoto pa mphambano ya msewu waukulu. Tahira anayang'ana njinga yamotoyo, anatembenuza rauta n'kuwerenga timalemba ta pansi pake, anayang'ananso njinga. Mphamvu imene rauta inkafuna inali yofanana ndi ya batire ya njingayo.

"Ndibwereke batire," anatero.

Mohamed anamukumbutsa kuti akuluakulu ali padzuwa, ndipo amalume ake ndi munthu woti ukamuchedwetsa amakumbukira mpaka pa maliro ako. Tahira anayankha kuti akudziwa, ndipo sanganene kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anati akawatenga tsopano afika msanga pa nkhani yosatheka, koma akawachedwetsa mwina afika mochedwa pa nkhani yotheka. Mnyamatayo anamuyang'ana, anapinda manja a mkanjo wake, n'kutulutsa sipanala.

Analumikiza mawaya mosamala, Tahira akuonetsetsa kawiri kuti wofiira wapita kwa wofiira. Anakanikiza kabatani ndi phini wina, batire inapereka moto, kanyali kanayamba kuphethira. Kenako panalibenso chochita, ndipo kwa Tahira imeneyi ndiyo inali ntchito yolemera kuposa zonse.

Dzuwa linasuntha pa khonde. Mayi wina anabwera kudzagula mchere, a Yakubu anamugulitsa okha n'kumupempha kuti asatsamire kauntala. Mohamed ankatuluka, kuyang'ana kumtunda kwa msewu, kubwerera, kutulukanso. Pa mkanjo wake panali patadontha mafuta akuda. Dzanja la Tahira linayamba kuyenda lokha kulowera ku waya, ndipo a Asiyatu, amene ankaonera pa khomo la kuseri, anabwera mwakachetechete n'kumuika lichero la mpunga pa miyendo kuti asankhe timiyala. Mtsikanayo anamvetsa. Anaweramira mpungawo n'kuyamba kusankha, kambewu kamodzikamodzi, maso akuba pa kanyali.

Potsiriza Mohamed analephera kupirira. Anati chinthucho chafa basi, kuphethira kumeneku n'kwa nkhuku yodulidwa kale mutu, ndipo kuli bwino apulumutse chimene chatsala, ndicho ulemu wa amalume ake. Anatambasula dzanja kuti amasule batire.

"Usaikhudze," anatero Tahira, mawu ali pansi, manja ali mu mpunga. "Dzulo ndinaipha ndekha ndi dzanja lomweli. Ngati ukufuna kupita, pita wapansi, ukawauze kuti wachedwetsa ndine. Koma batire isiye."

A Yakubu anatsokomola kuti abise kumwetulira. Mohamed anabweza dzanja lake n'kukhala pa thumba la shuga. Mpunga unatha kusankhidwa, a Asiyatu anabweretsa wina. Ndipo lichero lachiwirilo lili pakati, kanyali kaja kanazima. Tahira sanasunthe. Kanayakanso, kobiriwira, ndipo tinzake tonse tinayaka motsatizana ngati nyenyezi za madzulo.

Zotsalazo anazichita modekha ngati munthu wina. Anatsegula tsamba la pulogalamu yatsopanoyo pa laputopu, anaiuza za kamodemu katsopano, anaika mawu achinsinsi. Mohamed anatsitsa nsungwi, anasintha kamodemu m'kachigubu, anaidzutsanso. Mwadzidzidzi foni ya a Asiyatu inayamba kulira motsatizana ngati anapiye aona mayi wawo. Anali mameseji a Kamal a masiku onse aja, akufunsa chimene chachitika. Apo mpamene Tahira anati tsopano batire ikhoza kuchoka, pakuti nyumba yafoleredwa.

Ankhoswe anafika dzuwa litapendeka, nkhope zili gwa. Amalume a Mohamed anapereka moni wouma, nanena kuti pa mphambano paja aphunzira mayina a agalu onse a m'deralo. Magetsi anali asanabwere, choncho Mohamed anamasulanso batire pamaso pa alendo n'kuilowetsa m'sitolo. Tahira anatsamiritsa foni ku mtondo patsogolo pa mkeka, anaimba, n'kukabisala kuseri kwa nsalu ya pakhomo monga mwa ulemu wake. Nkhope ya Kamal inaoneka yonse, yoyera bwino, mpaka kachipsera ka pachipumi kamene anakapeza atagwa mu mtengo wa mango ali mwana. A Asiyatu anagwira pakamwa. Panali patapita zaka asanaone mwana wawo akuphethira.

Atatha malonje, Kamal anapempha kuti mnyamatayo asendere pafupi. Anamuyang'ana, n'kufunsa ngati ku Dzoole anthu amabwera kodzafunsira mbeta ndi mkanjo wa mafuta ndi manja akuda chonchi. Amalume a Mohamed anaweramitsa mutu ndi manyazi. Koma a Yakubu anapempha mpata, nafotokoza zonse: za swichi ya Lachisanu, za njerwa, za batire, za malichero a mpunga, ndiponso kuti alendo achedwa padzuwa chifukwa mwana wawo wamkazi analetsa munthu kukhudza waya.

"Mukunena Tahira wathu yemweyu?" anafunsa Kamal. "Amene amatsegula mphika nyemba zisanawire?"

Anthu anaseka, ngakhale amalume aja anamasuka nkhope. Kenako Kamal anakhala chete, akuyang'ana Mohamed m'maso. Chetecho chinatalika moti mnzawo wa amalume ananong'ona kuti mwina netiweki yathawa. Kuseri kwa nsalu Tahira ankaona pa kampata kuti maso a achimwene ake akuphethira. Masiku apitawo akanatulukira n'kufunsa kuti nanga mukuti bwanji. Tsiku limeneli anapinda manja pa miyendo n'kudikira.

"Munthu wololera kuzimitsa njinga yake ndi kupsetsa mtima amalume ake chifukwa mlongo wanga wanena kuti dikira," anatero Kamal pomaliza, "ameneyo ndamuona. Alamu, mukasambe m'manja. Akuluakulu, tiyeni tikambe za tsiku."

A Asiyatu analuluta pang'ono, mwaulemu, ndipo mpunga wosankhidwa bwino kuposa mpunga wina uliwonse m'Kasakula unabwera pa mkeka. Ukwati unachitika Idi itangopita, amalume asananyamuke, Kamal akuonerera pa foni yotsamira mtondo womwe uja.

Rauta ija ikadali pa shelefu, pakati pa sopo ndi tiyi, ndipo madzulo a Asiyatu amacheza ndi mwana wawo maso ndi maso. Lachisanu a Yakubu amatsitsabe swichi yawo, koma masiku ano amayamba asuzumira m'sitolo n'kufunsa ngati pali chimene chikuphethira. Nzeru zopezera pulogalamu ija Tahira anali nazo kuyambira pachiyambi, ndipo kulimba mtima sikunamusowe. Chimene chinatsala pang'ono kumulanda chaka chathunthu chinali dzanja lofulumira, ndipo chimene chinamubwezera tsiku lake chinali dzanja lomwelo litaphunzira kukhala mu lichero. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.